Kusankha Rotaveta Yoyenera Thirakitala ndi Munda

Alimi akasonkhanitsa ndalama m'kalabu nagula thirakitala, patsala funso lina lovuta: kumbuyo kwake amangeko chipangizo chotani? Ambiri amakopeka ndi rotaveta, makina a mipeni yozungulira amene amatema nthaka ndi kuphwanya zibuma nthawi imodzi. Komatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makina ogulidwa mopupuluma angathe kumeza phindu la zaka zingapo ndi kugugitsa munda womwe.

Makinawa anayambira ku Australia, kumene Arthur Clifford Howard anayamba kuyesa mipeni yozungulira m'munda wa atate wake ku Gilgandra m'chaka cha 1912. Pulawo imalima chifukwa chokokedwa, pamene rotaveta imalandira mphamvu kuchokera ku injini kudzera pa shafuti ya PTO, imene pa mathirakitala ambiri imazungulira maulendo 540 pa mphindi.

Choyamba kuganizira ndicho kutambalala kwake. Rotaveta yaikulu mopitirira imalemetsa injini, mafuta natha msanga. Yopapatiza imasiya mapazi a matayala osalimidwa. Motero mlimi ayeze m'lifupi mwa matayala akumbuyo, kuchokera kunja mpaka kunja, nasankhe makina otambalala pang'ono kuposa apo, malinga injini ikhale ndi mphamvu imene opanga makinawo analemba. Thirakitala yaing'ono yonga Massey Ferguson 135 imayendetsa bwino rotaveta ya mamita pafupifupi 1.5.

Chachiwiri ndi mipeni. Yopindika ngati chilembo cha L imadula bwino udzu ndi mapesi pa nthaka youma. Yokhota ngati C imafuna mphamvu yochepa, ndipo matope saikanirira kwambiri. N'chifukwa chake iyenerana ndi dothi la makande ndi minda ya mpunga yonga ya ku Limphasa, Wovwe ndi Likangala.

Chachitatu ndi chitetezo. Mpeni ukagunda mwala kapena chitsa, mphamvu yonse imabwerera ku giyabokosi. Makina abwino amakhala ndi bawuti yothyoka yokha, kapena kilachi yotsetsereka, kuti chionongeke chotsika mtengo, chamtengo wapatali nichipulumuka. Shafutinso ikhale ndi chotchinga chake, pakuti chovala chikakodwa pamenepo munthu amapunduka kapena kufa kumene. Wogula afunsenso ngati mipeni ndi mabawuti zimapezeka pafupi, chifukwa makina oima m'mwezi wa Novembala ndiwo njala ya chaka chamawa.

Chachikulu koposa ndi nthaka. Thirakitala ikamayenda pang'onopang'ono mipeni ili kuthamanga, dothi limasanduka ufa. Mvula ikagwa, pamwamba pamauma gwa, ndipo m'munda wotsetsereka madzi amakokolola chonde chonse. Kulima chaka ndi chaka pa kuya kumodzimodzi, masentimita 15 kapena 20, kumasiya pansi pake polimba pamene mizu ilephera kubowola. Rotaveta imapindulitsa m'dimba, m'nazale ndi m'munda wa mpunga, koma m'munda wa chimanga wa pamtunda nthawi zambiri pulawo ndi chounga mizere n'zokwanira.

Wachinyamata wotsiriza sukulu amene afuna kukhala woyendetsa thirakitala, ndi mphunzitsi wa zaulimi amene am'konzekeretsa, akumbukire kuti safunsa anadya phula. Ndalama zisanatuluke m'thumba la kalabu, mlangizi wa zaulimi ayambe wauona mundawo.