MAKINA OBOOLERA CITSULO: MAU KWA ABALE ATHU A KU GABORONE

Abale athu ocokera ku Malawi, ku Chipata ndi ku Tete, amene muli pa ulendo wa nchito, tamverani. Mu Gaborone, mzinda umene anayamba kumanga mu 1964 kuti ukhale likulu la Botswana, muli dera la mafakitale kumadzulo kwa njanje, lochedwa Gaborone West Industrial. Kumeneko, monganso ku migodi ya Orapa ndi Jwaneng ndi m'magalaja a pa mafamu, munthu wolembedwa catsopano sacedwa kuimikidwa pa makina oboolera citsulo. Ambiri amawapeputsa cifukwa sacita phokoso lalikuru. Ife tinaona mnyamata wina, tate wa ana awiri, atagwira cidutswa ca citsulo ndi dzanja lokha. Biti inakodwa, citsulo cinazungulira ngati cikwanje, ndipo zala ziwiri sizipindikanso kufikira lero. Vaisi inali pambali pace pomwepo.

Cifukwa cace titi: mangani citsulo pa tebulo, ndipo musabvale magolovesi kapena malaya a manja olendewera, pakuti cozungulira cimakoka nsaru pamodzi ndi mwini wace. Kiyi ya caki, ndiyo kamwa logwira biti, musaisiye m'menemo.

Pofuna kukonza, yambani mwazula pulagi. Tsegulani cibvundikiro ca pamwamba muone lamba. Mukamsindikiza ndi cala pakati, alowe ngati sentimita imodzi. Wolefuka amaterereka, wothina koposa amadya mabering'i. Lamba yemweyo ndiye asintha liwiro pomsamutsa pa mapule: biti yaikuru ifuna kuyenda pang'onopang'ono, ndi oilo pa nsonga yace. Mukaona nsongayo yabiriwira, mwaipsereza, ndipo kapitao sadzakondwa.

Tsono pali cinthu cimene cimasokoneza ngakhale amisiri akale. Caki ikagwa yokha, ena amaipaka girizi naikhomera ndi hamala. Kulakwa kumeneko. Cikhomo cace ncosongoka pang'ono, monga mwa nzeru ya Stephen Morse wa ku America ya mu 1864, ndipo cimagwira cifukwa citsulo cathinana ndi citsulo cinzace. Pukutani mbali zonse ziwiri ziume, bwezani mano a caki m'kati, ikani thabwa pansi, nimutsitse cogwirira ndi mphamvu. Kacitsotso kamodzi kotsalira m'menemo kamagwedeza biti, ndipo bowo limaturuka lalikuru kuposa muyeso.

Pfumbi la ku Kalahari, makamaka m'mphepo za Ogasiti, likasakanizika ndi girizi limapala citsulo ngati mcenga. Cotero oilo akhale wapang'ono pa mzati ndi pa mpini wotsika, koma kupukuta kukhale kwa masiku onse. Zinyenyeswa sesani ndi bulashi, osati ndi cikhatho. Za sipuling'i yobweza cogwirira tingoti: yakulungidwa ndi mphamvu, ndipo ikapulumuka imathyola cala, amene sanaimasulepo aitane mnzace wodziwa.