Nambala Yachinsinsi Isungidwe M'mutu

Pa msika wa Limbuli, pamene amalonda amagula chimanga chochokera ku Milange, ndalama zambiri tsopano zimayenda pa lamya, kudzera mu Airtel Money ndi Mpamba. Kiyi wa ndalamazo ndiye nambala yachinsinsi ya manambala 4. Ena amailemba pa kapepala nakabisa kuseri kwa lamyayo, osaganiza kuti wakuba akatola lamya watolera kumodzi ndi kiyi. Chaka chobadwa nachonso sichiyenera, pakuti chinalembedwa pa chiphaso cha unzika. Ndi bwino munthu asankhe chimene amachidziwa yekha, monga tsiku ndi mwezi umene anakhoma malata pa nyumba yake. Woiwala apite yekha ku ofesi ya kampaniyo atatenga chiphaso chake. Mlendo woimba lamya kufunsa nambalayo, ngakhale adzitche wa kukampani, asauzidwe.