Zipolowe za pambuyo pa chisankho: kodi Mondlane akuyankha milandu yanji?

Chitatha chisankho cha pa 9 Okutobala 2024, a Venâncio Mondlane anakana zotsatira ndipo anamema anthu kudzera pa Facebook kuti achite zionetsero. Bungwe la Plataforma Decide likuti anthu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno, ambiri ataomberedwa ndi apolisi. Apolisi ena nawonso anaphedwa, ndipo mapolisi ena anatenthedwa. Kuno ku Mecanhelas, pa 26 Okutobala apolisi anaombera otsatira chipani cha Podemos.

Milandu ya a Mondlane ili pawiri. Woyamba ndi wa chipukutamisozi: mu Novembala 2024, ofesi ya woimira boma pa milandu, ya PGR, inawasumira pamodzi ndi Podemos kuti alipire ndalama zoposa 32 miliyoni meticais pa katundu wa boma amene anawonongeka mumzinda wa Maputo. Wachiwiri ndi waupandu: mu Julaye 2025 anawatsegulira milandu isanu, kuphatikizapo kulimbikitsa anthu kusamvera boma ndi kulimbikitsa uchigawenga. Iwo akukana.

Wapolisi amene anavulala angathe kukadandaula ngati nzika ina iliyonse, koma PGR ndi imene imafufuza ndi kutengera mlandu waupandu kubwalo. Kumeneko pamafunika umboni woti mawu a mtsogoleri ndiwo anautsa chiwawa.

Khomo lomweli ndi lotsegukanso kwa mabanja a anthu amene anaomberedwa. Mabungwe omenyera ufulu atadandaula, PGR inaitanitsa mkulu wakale wa apolisi, a Bernardino Rafael, mu Julaye 2025 kuti akayankhe mafunso. Woferedwa kapena wovulazidwa ku Mecanhelas angayambire ku ofesi ya Procuradoria ya boma lino, atatenga zikalata zakuchipatala ndi mayina a mboni.