Maboma Athu: Nkhotakota, kumene mfuti siigona yosapukuta

Msewu wa M5 wochokera ku Salima ukangowoloka mlatho wa pa Chia, pomwe anyamata amaimika galimoto ndi chambo cholendewera pachingwe, mlendo amadziwa kuti walowa dera lina. Kumanja kuli nyanja, kumanzere madambo a mpunga ndi minda ya chinangwa, ndipo kutali kumadzulo mapiri a nkhalango angoti bii. Mpweya wa kuno ndi wachinyontho. Chikwanje choiwalika pakhonde usiku umodzi wa mu Malichi chimapezeka m'mawa chitafiira. Mlimi akaona zotere amangonola n'kupita kumunda. Koma m'boma la Nkhotakota muli anthu ena amene dzimbiri likhoza kuwaphetsa, ndiwo alonda a nyama zakutchire, omwe kumudzi amangowatchula kuti agemu.

Mfuti inafika kuno kalekale. Cha m'ma 1840, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anamanga mudzi wake wamalonda pagombe pano, ndipo minyanga ya njovu pamodzi ndi akapolo zinkawoloka nyanja pa zombo zamatanga ulendo wa ku Kilwa. Pobwerera, amalondawo ankasenza nsalu, mikanda, onga ndi mfuti. Mtengo umene amati David Livingstone anakhala patsinde pake pokambirana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 amauonetsabe kwa alendo, kufupi ndi chipatala cha St Anne's ndi tchalitchi cha All Saints, momwe anaika Bishopu Chauncy Maples atamira m'nyanja mu 1895. Mu 1889 Harry Johnston anasainirana pangano ndi Jumbe wachitatu. Ufumu wa Ajumbe unatha, koma mfuti yothira onga kukamwa inatsala. Ndiyo gogodela amene opha nyama mozemba amagwidwa naye mpaka lero.

Pa mfuti zonse, yothira onga ndiyo yosachedwa kuwonongeka. Onga wakuda ukapsa, pafupifupi theka lake silisanduka mpweya, ndipo gawo lina limatsalira mumpope ngati mwaye. Mwaye umenewu umakoka chinyontho n'kuyamba kudya chitsulo tsiku lomwelo. Kumaiko kumene anthu amasunga mfuti zotere movomerezeka, pochita masewera owombera, saigoneka yosatsuka. Amatsuka mpope ndi madzi otentha, kuumitsa, kenaka n'kupaka mafuta. Gogodela wa mlenje wozemba sapeza chisamaliro chotere. Amabisidwa mu udzu wa denga kapena kukwiriridwa kumunda, mpope umanka nupyapyala mkati momwe diso silifika, ndipo tsiku lina umaphulikira m'manja mwa mwini wake. Njovu imapulumuka, koma mnyamata amabwerera kumudzi wopanda zala kapena diso. Zimandiwawa kuti nthawi zambiri amene amapunduka chotere ndi mwana wa mmphawi, pamene wogula minyanga ali phee m'tauni.

Nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800. Kale munali njovu zoposa 1,500, koma pofika 2015, chaka chimene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, zinali zitatsala zosakwana 100. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kuno pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo mu 2017 momwemo lamulo loteteza nyama linakhwimitsidwa mpaka zaka 30 za ukaidi pa milandu ikuluikulu. Dziko lonse linaona zithunzi za njovu zikunyamulidwa ndi makina. Ntchito yosunga njovuzo zamoyo inatsalira anthu oyenda pansi, ogona m'tchire masiku angapo, owoloka mtsinje wa Bua nthawi ya mpasa ndi kukwera phiri la Chipata mvula ili pamsana.

Mfuti ya munthu wotere imafuna kupukutidwa tsiku ndi tsiku, kaya yawomba kaya sinawombe. Msilikali aliyense wophunzitsidwa bwino amayamba ndi chinthu chimodzi asanagwire kansalu: amalozetsa mfuti kopanda munthu, amachotsa magazini, amakoka chotsekera, n'kusuzumira momwe mumakhala chipolopolo, mwinanso n'kupisamo chala. Ngozi zambiri za potsuka mfuti zimachitika chifukwa wina anangoganiza kuti mulibe kanthu. Akatsimikiza, amatenga chingwe chokhala ndi kachitsulo kolemera kunsonga, amamangirira kansalu kofewa, n'kuchikoka kuchokera kumbuyo kutulukira kukamwa kwa mfuti. Kansalu koyamba kamatuluka kakuda, kachiwiri kotuwa. Kenaka amakweza mpope kuloza kowala n'kuyang'ana ngati mizere ya mkati ikuwala. Timbewu ta udzu, mchenga wa kumtsinje ndi madontho a mame zimachotsedwa ndi kaburashi, nthawi zambiri mswachi wakale.

Mafuta amapaka pang'ono chabe. Ambiri amalakwitsa pamenepa, poganiza kuti kuchulutsa ndiko kusamala. M'mwezi wa Okutobala, tchire litapsa, mafuta ochuluka amagwira fumbi ndi phulusa n'kupanga phala lomwe limamanga zitsulo zoyenda. Mumpope namo amapukutamo mouma asanawombe. Palinso mdani wina wamng'ono amene anthu a m'tchire amamudziwa bwino, mavu omanga zisa zadothi. Mfuti yotsamiritsa pakona masiku owerengeka akhoza kuimata kukamwa. Kuwomba mpope wotsekeka ndi dothi kumautupitsa, kapena kuung'amba kumene, n'chifukwa chake alenje ambiri amamata kukamwa kwa mfuti ndi katepi kopyapyala komwe sikaletsa chipolopolo kutuluka.

Mfuti zambiri zodzilowetsera zokha chipolopolo china zikangowomba, monga AK-47, zimagwiritsa ntchito mpweya wa onga womwewo kukankha zitsulo zake, choncho mwaye umaunjikana m'njira ya mpweyawo. Zimafuna kumasulidwa ndi kutsukidwa nthawi iliyonse zikawomba. Pali mbiri yoti AK-47 ngakhale uikwirire m'matope imalira ndithu. Mbiri imeneyi yawononga mfuti zambiri. Zipolopolo zakale zausilikali zili ndi choyatsira chimene chimasiya mchere mumpope, ndipo mchere susungunuka ndi mafuta. Umafuna madzi, kenaka kuumitsa bwinobwino, mafuta pambuyo. Wongopaka mafuta pamwamba pa mcherewo amadzapeza mpope utachita timaenje patapita masiku ochepa.

Mfuti yaikulu yoimitsira njovu kapena njati yolusa, yomwe munthu amakoka chotsekera ndi dzanja pa chipolopolo chilichonse, ili ndi zitsulo zochepa ndipo imawomba mwa kamodzikamodzi. Vuto lake lili pa mtengo ndi masikuluwu. Imakankha mwamphamvu kotero kuti masikuluwu amakhwepa, ndipo mtengo umatupa m'dzinja n'kuuma m'chilimwe mpaka kuchita ming'alu. Yotere ikabwera koyenda amaipukuta, ikawomba amaitsuka, ndipo nyengo ikasintha amaiyesa pa chandamale kuti aone ngati ikulasabe pomwe yalozedwa. Njati yovulala ikatulukira m'bango, mpata umene munthu amakhala nawo ndi wa chipolopolo chimodzi kapena ziwiri.

Kunja kwa mpanda wa nkhalango moyo wa boma ukuyenda ndi zina. Ku Dwangwa kuli minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga ya Illovo, pa boma pali msika wa mpunga ndi usipa, ku Mawira kuli madzi otentha otuluka pansi. Mfuti zopezeka mwalamulo m'malo otere, mwa alonda ndi anthu ochepa okhala ndi chiphaso cha ku polisi, kawirikawiri ndi zashotigani, zimene ambiri amangoti Greener potengera kampani ya ku Birmingham. Mpope wake ndi wosalala mkati, wosavuta kutsuka, koma zimawonongeka ndi kungokhala. Mwini wake amaikulunga m'nsanza n'kuiponya kunsi kwa bedi chaka chathunthu, osadziwa kuti nsaluyo ikusunga chinyontho pachitsulo. M'dera lonyowa ngati lino, mfuti yosungidwa ndi bwino kuitulutsa n'kuipukuta mwezi ndi mwezi m'dzinja, ndipo m'chilimwe pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Malo ake ndi m'kabati yokiya, zipolopolo pazokha, kumene mwana sangafike. Mafuta ophikira asayandikire, chifukwa amauma n'kuchita ulimbo. Pisitolo yoyenda m'chiuno mwa wapolisi mdani wake ndi thukuta, lomwe lili ndi mchere, ndipo m'kutentha kwa kunyanja sabata siyenera kutha isanapukutidwe.

Pali zina zimene kansalu sikangathe. Masipuling'i amatopa, kachitsulo komenya chipolopolo kamatha kunsonga, chotetezera kuti mfuti isalire yokha chimakhwepa. Izi zimafuna mmisiri wa zida, kamodzi pachaka kapena kuposa apo ngati mfuti ikugwira ntchito kwambiri. Ine ndimaona kuti pokamba za chitetezo cha nkhalango timathamangira kutchula mipanda yamagetsi, ndege ndi makolala a pakhosi pa njovu, osafunsa ngati mlonda ali ndi botolo la mafuta oyenera, ndi ngati mfuti yake inapitako kwa mmisiri. Zimenezi ndi za mtengo wochepa, ndipo ndizo zoyamba kuiwalika polemba bajeti, kaya ndi m'boma kaya m'makampani a alonda.

Anthu a m'midzi yozungulira nkhalango, kwa Mphonde, kwa Malengachanzi, kwa Mwansambo, amadziwa kuti njovu ikapeza polowera, munda wa chinangwa umatha usiku umodzi. Amaitana agemu, ndipo agemu amabwera mumdima, nthawi zina mvula ikugwa, kudzaibweza ndi phokoso, mwinanso kuwombera m'mwamba. Mfuti ikakana pamenepo, pakati pa njovu ndi nyumba za anthu pamatsala munthu wonyamula ndodo yachitsulo. Akabwerera kumsasa m'bandakucha, wonyowa ndi wotopa, amayamba waumitsa ndi kutsuka mfutiyo asanagone, poti mudzi wina ukhoza kuitananso madzulo a tsiku lomwelo.