Wodwala m'nthano zathu, wodwala m'mabuku a kunja

M'nkhani zathu matenda sabwera okha. Mwana akatupa masaya ndi miyendo, maso a anthu amapita kwa makolo: ndani anadumpha mwambo, ndani anathira mchere m'ndiwo pa nthawi yoletsedwa? Amati ndi tsempho kapena mdulo. Mnyamata akazungulira mutu, manong'onong'o amaloza amalume ake amene angotsegula chigayo. Olemba athu anayamwira maganizo omwewa. Akalowetsa wodwala m'nkhani, cholembera chimathamangira kukasaka wolakwa, ndipo mwini ululuyo amatsala pamphasa, osafunsidwa n'komwe zomwe zikuyenda mumtima mwake.

Edzi itapezeka m'Malawi mu 1985, njira yomweyi inangovala malaya ena. Masewero ngati Tikuferanji anatsegula pakamwa pa anthu pa nkhani imene inkanenedwa mobisa, ndipo ntchito imeneyo ndi yoyamikika. Komabe nkhani zambiri za nthawi imeneyo zinkayenda mumsewu umodzi: bambo woyendayenda, chifuwa, kuonda, maliro, ana amasiye. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere, anthu anadzuka n'kubwerera kumunda ndi kuntchito, koma m'nkhani zopeka wodwala anapitirizabe kukhala chenjezo kwa ena.

Azungu nawo ali ndi vuto lawo. Mu A Christmas Carol, buku limene Charles Dickens anatulutsa mu 1843, muli kamnyamata kolumala, Tiny Tim, koyenda ndi ndodo, kosadandaula. Ntchito yake ndi imodzi: kufewetsa mtima wa Scrooge, mkulu woumira uja. Mu Heidi wa Johanna Spyri, Clara amachoka ku Frankfurt pa njinga ya olumala kupita kumapiri a Switzerland. Mnyamata wina wansanje amagubuduzira njingayo kuphompho, ndipo posakhalitsa Clara ayamba kuyenda. Mwana amene analumala ndi poliyo akawerenga zimenezi aganiza chiyani, iye amene miyendo yake siidzawongoka ngakhale apume mpweya wabwino chotani?

Akapanda kuchiritsidwa, amaphedwa. Mu Me Before You, buku la Jojo Moyes la 2012, Will anagundidwa ndi njinga yamoto n'kufa ziwalo kuyambira m'khosi. Ngakhale anapeza chikondi, anasankha kupita ku Switzerland kukathandizidwa kufa, n'kusiyira mtsikana amene anakondana nayeyo ndalama zoti akayambire moyo wina. Filimu yake itatuluka mu 2016, anthu aulumali anachita zionetsero, ndipo ine ndili kumbali yawo. Nkhaniyo imauza munthu wokhala pa njinga kuti imfa yake ingakhale mphatso kwa omukonda.

Koma pali chimodzi chimene olemba ena a kumeneko amatiposa: amalimba mtima kulowa m'mutu mwa wodwala n'kukhalamo. Leo Tolstoy anatero mu 1886 polemba za imfa ya Ivan Ilyich, woweruza milandu amene anavulala m'nthiti akupachika makatani m'nyumba yake yatsopano. Chomupweteka kuposa nthenda ndi bodza lomuzinga. Madokotala, mkazi wake ndi anzake onse akunamizira kuti achira, pamene iye akudziwa kuti akupita. Yekhayo amene samunamiza ndi wantchito wake, Gerasim, mnyamata wakumudzi amene amakhala usiku wonse atanyamula miyendo ya bwana wake pamapewa chifukwa ndi mmene ululu umachepera.

Gerasim ameneyu ife tili naye m'chipatala chilichonse cha boma. Ndi gadiyani. Amagona pa chitenje pansi pa bedi, m'bandakucha ali kale kuseri akukoleza moto wa phala, amachapa zofunda zoipitsidwa, amatembenuza wodwala kuti asachite zilonda zamsana. Kumudzi mbewu ikumera ndi udzu, mbuzi yomaliza inagulitsidwa kale. Apa ndiye pali chuma chimene mabuku a ku Ulaya amachisowa, poti wodwala wawo nthawi zambiri amakhala yekha m'chipinda. Wathu sasowa anthu. Nthano zathu zinkaphunzitsa zimenezi kuyambira kale: mtsikana amene anatsuka zilonda za nkhalamba ya panjira amadalitsidwa, mnzake wonyansidwa uja amaona zakuda. Ndi pomwepo akulu ankakumbutsa kuti lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Komabe onetsetsani, mwini nthanoyo ndi mtsikana. Nkhalamba ya zilonda ili pamenepo kuti imuyese.

Pa kutaya mtima ndiye timadumpha kwambiri. Munthu wa m'nkhani yathu akafika pothedwa nzeru, ndime yotsatira m'busa wafika kale, kapena walota malemu agogo ake, kapena tangomva kuti anamupeza pamtengo. Miyezi ya pakatipo, pamene bambo wangongole amakhala chete pakhonde, nsima ikuzizira, akuyankha aliyense kuti ali bwino, sitiilemba. Gadiyani amene tsiku lina mumtima mwake analakalaka kuti wodwala wake angopumula, kenako n'kudzida yekha, timamubisanso.

Olemba ena a mu Africa muno anaonetsa kuti n'zotheka kumupatsa mwini thupi pakamwa. Mu 1979 Aminata Sow Fall wa ku Senegal analemba za opemphapempha, ambiri a iwo akhungu ndi olumala, amene atathamangitsidwa m'misewu anagwirizana zonyanyala. Mkulu wa boma yemwe anawathamangitsa uja anayamba kuwasakasaka, poti anauzidwa kuti mwayi wake wokwezedwa udalira kuwapatsa chopereka. Mu The Book of Memory, buku la 2015 la Petina Gappah wa ku Zimbabwe, wosimba nkhani ndi mayi wachialubino amene ali m'ndende ya Chikurubi. Amapsa mtima, amaseka, amakumbukira zina molakwika, ndipo khungu lake silisintha mpaka tsamba lomaliza.

Kuno kwathu, kuyambira 2014 anthu achialubino akhala akubedwa, kuphedwa, ngakhale kufukulidwa m'manda, chifukwa cha nkhani yopeka yoti mafupa awo amalemeretsa. Nkhani imeneyo inafalikira popanda buku, ndipo anaifalitsa ndi anthu amene sanakhalepo pansi kumva mwini khunguyo akusimba yekha za tsiku lake.