Zithunzi za pakompyuta: kapangidwe kake ndi nchito zake m'makomboni a Lusaka

LUSAKA - Zaka makumi atatu zapitazo, munthu wofuna cikwangwani ca golosale kapena saluni ku Matero ndi ku Chawama anali kuitana mmisiri wa penti ndi bulashi. Masiku ano ambiri amapita kwa wacinyamata wokhala ndi kompyuta, amene amalemba dzina la sitolo, kuikapo cithunzi, ndi kutumiza nchitoyo ku makina osindikizira. Makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, masikipa a magulu a mpira ndi zinsalu zolengeza misonkhano ya chalichi, zonsezi zimayambira pa kompyuta. Luso limeneli pa Cingelezi limachedwa computer graphics.

Komabe ambiri mwa amene amalipira nchito zotere sadziwa cifukwa cake cithunzi ca malemu nthawi zina cimatuluka cosaoneka bwino pa cinsalu, kapena cifukwa cake mtundu umene anauona pa foni umasiyana ndi wa pa pepala. Yankho lake lagona pa mmene kompyuta imasungira cithunzi.

Cithunzi ndi manambala

Kompyuta siona nkhope, mtengo kapena nyumba. Imadziwa manambala okha. Cithunzi ciliconse ca pa foni kapena pa TV ndi copangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono tochedwa mapikiselo, tondandalikidwa m'mizere monga mikanda yolukidwa. TV ya mtundu wa Full HD ili ndi timadontho 1,920 copingasa ndi 1,080 cotsika, ndipo tonse pamodzi ndi 2,073,600. Diso silitha kutisiyanitsa, conco limaona cithunzi cimodzi cosalala.

M'kadontho kalikonse muli timagetsi titatu: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Kompyuta imapatsa kagetsi kalikonse nambala yoyambira pa 0 kufika pa 255, yonena mphamvu ya kuwala kwake. Tonse titatu tikakhala pa 0, kadontho kamada. Tikakhala pa 255, kamayera. Mtundu wa lalanje wa pa mbendera ya dziko lino umapezeka pamene kofiira kayaka mwamphamvu, kobiriwira kayaka pakatikati, kabuluu kazima. Mwa kusakaniza kotereku, kompyuta ingaonetse mitundu yoposa 16 miliyoni.

Makina osindikizira amayenda mwina. Iwo amasakaniza inki zinayi: yabuluu wowala, yofiirira ngati pinki, yacikasu ndi yakuda. Galasi la foni limatulutsa kuwala kwakekwake, pamene pepala limangobweza kuwala kwa dzuwa kapena kwa nyali. Ndiye cifukwa cake mitundu ina yonyezimira pa foni imaoneka yozimirira pa pepala. Munthu wofuna makhadi 200 a ukwati acita bwino kupempha kuti asindikize khadi limodzi coyamba, aone, kenaka avomereze.

Njira ziwiri zosungira cithunzi

Cithunzi cojambulidwa ndi kamera cili ndi ciwerengero cokhazikika ca timadontho. Ukacikulitsa, kompyuta siingadziwe zimene kamera sinajambule. Imangotambasula timadontho tomwe tilipo, ndipo nkhope imayamba kuoneka ya timabokosi kapena ngati yakutidwa ndi nkhungu. Osindikiza amafuna timadontho pafupifupi 300 pa inchi iliyonse, ndiko kuti pa masentimita 2.54, ngati pepalalo ndi lowerengera m'manja. Cithunzi codzaza pepala la A4 cimafunika kukhala ndi timadontho 2,480 copingasa ndi 3,508 cotsika. Cinsalu cacikulu coonera patali cimafuna ocepera pa inchi, koma cithunzi coyambira cikhalebe cabwino.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amataya ndalama pa nthawi ya maliro. Cithunzi cotumizidwa pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse cimacepetsedwa kuti cisadye mabandulo ambiri, ndipo cimene catsitsidwa pa Facebook kawirikawiri cimakhala cocepetsedwa kale. Njira yabwino ndi kupita ndi foni imene inajambula, kapena kutumiza cithunzico monga dokyumenti, pakuti motero cimafika cathunthu.

Njira yaciwiri imachedwa vekita. M'malo mosunga timadontho, kompyuta imasunga malangizo: mzere uyambire apa, ukhotere apo, mkati mwake mukhale mofiira. Zili ngati kupatsa kalipentala miyeso ya tebulo, imene angathe kuicepetsa kapena kuikulitsa popanda kuononga maonekedwe ake. Zilembo ndi zizindikiro za malonda zopangidwa mwa njira imeneyi zimaoneka zakuthwa bwino pa kakhadi ka m'thumba ngakhalenso pa khoma lonse la sitolo. Mapulogalamu a CorelDRAW ndi Adobe Illustrator amagwira nchito yotere, pamene Photoshop ndi wokonzera zithunzi za timadontho. Mwini malonda amene walipira cizindikiro cake apemphe fayilo ya vekita ndi kuisunga, kuti asadzalipirenso nchito imodzimodziyo.

Palinso zithunzi zokhala ndi utali, ufupi ndi msinkhu, zochedwa 3D. Pamenepa kompyuta imaumba cinthu ndi tizidutswa tambirimbiri ta makona atatu, nkuwerengera kumene kuwala kucokera ndi kumene mthunzi ugwera. Wojambula pulani ya nyumba angaonetse mwininyumba mmene idzaonekera asanagule thumba limodzi la simenti. Kuti zithunzi ziyende, amazionetsa motsatizana, 24 kapena 25 pa sekondi iliyonse. Katuni ya mphindi imodzi yokha imadya zithunzi zosacepera 1,440.

Kumene lusoli linacokera

Dzina lakuti computer graphics linafalitsidwa mu 1960 ndi William Fetter, wojambula wa kampani yopanga ndeke ya Boeing ku America. Mu 1963 Ivan Sutherland, wophunzira pa sukulu ya MIT, anapanga pulogalamu ya Sketchpad, imene inalola munthu kujambula pa galasi la kompyuta ndi colembera ca kuwala. Photoshop inayamba kugulitsidwa mu 1990, ndipo mu 1995 kampani ya Pixar inatulutsa Toy Story, filimu yaitali yoyamba kujambulidwa yonse ndi kompyuta.

Mu 2023 mzinda wa Lusaka nawo unaonekera m'makatuni a dziko lonse, pamene Netflix inayamba kuonetsa Supa Team 4. Nkhaniyi inayambitsidwa ndi mlembi wa muno m'Zambia, Malenga Mulendema, ndipo ikamba za atsikana anayi opulumutsa anthu mu Lusaka wa mtsogolo. Nkhani ndi yathu, koma makampani amene anatsogolera kupanga makatuniwo ndi akunja: Triggerfish ya ku Cape Town ndi CAKE ya ku London. Izi zionetsa pamene pali mpata wa nchito kwa acinyamata a dziko lino.

Mapu ndi zipatala

Nchito ya lusoli siithera pa malonda. Makomboni monga Kanyama, George ndi Chawama anakula mofulumira popanda pulani, ndipo kwa zaka zambiri nyumba ndi tinjira take sizinali pa mapu a boma. Mu 2021 bungwe lojambula mapu la ku Britain, Ordnance Survey, linagwiritsa nchito zithunzi zojambulidwa m'mlengalenga ndi kompyuta yophunzitsidwa kuzindikira madenga ndi misewu, nkupanga mapu a dera la masikweya kilomita 420 la mzinda wa Lusaka. Mapu otere amathandiza kuona kumene ngalande, mipopi ya madzi ndi zimbudzi zifunika. Pa miliri ya kolera, monga ya 2017 mpaka 2018 ndi ya 2023 mpaka 2024, kuika kadontho pa mapu pamene pacokera wodwala aliyense kumaonetsa a zaumoyo dera limene afunika kuyambira kuthira mankhwala m'madzi.

Ku cipatala, makina a CT amajambula thupi kucokera mbali zambiri, ndipo kompyuta imalumikiza manambalawo kukhala cithunzi ca mkati mwa mutu kapena cifuwa, dokotala asanagwire mpeni. Mu 2014 ofufuza a bungwe la ZAMBART anafalitsa zotsatira za kuyesa, mu Lusaka momwemuno, pulogalamu imene imawerenga zithunzi za X-ray za m'cifuwa pofuna zizindikiro za TB. Pulogalamu yotere siicotsa dokotala pa nchito, koma imathandiza kusankha odwala ofunika kupimidwa makhololo mwamsanga.

Cithunzi cinganame

Popeza cithunzi ndi manambala, aliyense wodziwa angasinthe manambalawo. Dzina pa setifiketi lingafufutidwe, mutu wa munthu ungaikidwe pa thupi la wina, ndipo mapulogalamu a AI tsopano amapanga nkhope ndi zocitika zimene sizinakhaleko. Mu 2017 bungwe la Teaching Council of Zambia linapeza aphunzitsi mazana angapo ali ndi masetifiketi abodza. Olemba anthu nchito amatsimikizira zotsatira za mayeso ku Examinations Council of Zambia, cifukwa kuoneka bwino kwa pepala si umboni.

Ndalama za pepala, kuphatikizapo zatsopano zimene Bank of Zambia inatulutsa mu March 2025, zili ndi zizindikiro zooneka poziyang'anitsa ku kuwala ndi zina zomveka pozikhudza, zimene makina wamba sangathe kukopera. Kupanga ndalama kapena zikalata zacinyengo ndi mlandu waukulu, ndipo lamulo la Cyber Crimes Act la 2025 likhudzanso cinyengo ndi kuzunza anthu pa intaneti. Musanatumize cithunzi codabwitsa kwa ena, funsani kumene cacokera ndi amene anacijambula.

Kwa ofuna kuphunzira

Phunziro la kompyuta linaikidwa m'masukulu a sekondale pa kusintha kwa maphunziro kwa 2013, ndipo mayeso ake oyamba a Giredi 9 mu 2015 anafika mpaka usiku m'masukulu ena cifukwa ca kucepa kwa makompyuta ndi kuzima kwa magetsi. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi anali kuzima maola 17 ndi kuposapo pa tsiku, ndipo timashopu tosindikiza m'makomboni tinavutika kwambiri.

Ngakhale zili conco, khomo ndi lotseguka kuposa kale. Mapulogalamu a GIMP, Inkscape ndi Blender ndi aulere, ndipo Canva imagwira nchito ngakhale pa foni. Koleji ya Evelyn Hone mu Lusaka imaphunzitsa zojambula ndi kusindikiza. Cimene kompyuta siipereka ndi diso lodziwa kutalikitsa zilembo, kusankha mitundu yogwirizana ndi kulemba mau molondola m'Cinyanja ndi m'Cingelezi. Amisiri a bulashi a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere ali nalo diso limeneli, ndipo wacinyamata wa kompyuta angapindule kwambiri atakhala nawo pansi ndi kuphunzira.