Wotuluka m'Ndende Ndiye Mbale Wathu

Akristu okondedwa a ku Nkhamenya, tamverani mau awa. Kawirikawiri pa 6 July, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, Boma limakhululukira akaidi ena, ndipo iwo amabwerera kwao. Nyengoyo chimanga chathu chili m'nkhokwe, fodya wapita kale ku Chinkhoma. Koma mbale wathuyo alibe nkhokwe, alibe khasu, ndipo munda wake wamera tchire kapena walimidwa ndi wina. Adzadya chiyani kufikira chimanga china chitacha? Njala ndi manyazi ndizo zimbwezera munthu kundende.

Tiyang'ane zimene zidachitika m'dziko lathu lomwe lino. M'chaka cha 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Bwalo Lalikulu lidagamula kuti si aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha ayenera kuphedwa. Kuyambira 2015 milandu yotere idamvedwanso, ndipo anthu oposa 100 adamasulidwa. Asanatuluke, amithenga adayendera midzi yao kukakamba ndi mafumu ndi abale, ndipo midzi yambiri idawalandira. Ngati iwo adalandira olakwa kotere, kodi ife tidzakana mnyamata amene adaba mbuzi?

Ku Balaka, a Prison Fellowship Malawi adatsegula nyumba yophunzitsa otuluka m'ndende ukalipentala ndi utelala. Koma luso silidyetsa munthu ngati anansi akana kumpatsa ntchito.

Chifukwa chake tichite motere. Anyakwawa ambwezere munda wake. Akristu a m'mphakati asonkhe ufa, mbeu ndi khasu. Pofesa fodya m'mwezi wa September, timpatse bedi limodzi panazale yathu. Pomanga chigafa, timthandize kudula mitengo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amene adalakwiridwa tisawaiwale: akulu akhale pansi ndi mabanja awiriwo, wolakwa apepese, abwezenso chimene angathe. Tiletse ana athu kumtcha mkaidi. Ali nalo dzina lake la ubatizo. Lamulungu tipite naye ku Misa, tikhale naye pa benchi limodzi.

Inunso amene mwabwera, musabisale m'nyumba, ndiponso musathawire kumowa. Pitani kwa Bambo Mfumu mukalape, mugwire khasu pamaso pa onse.

M'chaka cha 2013, pa Lachinai Loyera, Papa Francis adasambitsa mapazi a akaidi ku Roma. Kwa ife sikufunika zazikulu: titsegule chitseko, tiyale mphasa, tiphike nsima.